Amuna Anga a m'Chitini

Zaka zimene ndinayenda ndi galimoto ya kanema sindizidziwa kuchuluka kwake. Ndikaziganiza m'mawa zimachepa, ndikaziganiza madzulo zimachuluka. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinanyamuka ndili ndi amuna aatali ngati njira yochokera kumunda kufika pakhomo, ndipo ndinabwerako ndili ndi amuna otalika ngati chikhatho.

Ndinali mtengwa m'mudzi wina wa pakati pa mapiri awiri, ndipo ndinkasoka zovala pakhonde ndi mashini opukusa ndi dzanja. Chaka china kunabwera anthu a boma ndi bokosi la miyendo itatu, kufuna mlimi woti amujambule kanema wophunzitsa kulima mizere yopingasa phiri. Anasankha amuna anga, a Lingisoni. Sanawasankhire ulimi, poti ulimi wawo unali wa pakamwa. Anawasankhira shati yoyera imene ndinawasokera. Anawauza kuti achoke kumunda khasu lili paphewa, ayende mpaka kunyumba, aime, ayang'ane kutali ngati munthu woganiza, kenako alowe. Zonse anachita bwino. Kuganiza kuja ndiye anakuchita bwino mopitirira, chifukwa dzinja lisanathe ananyamuka ndi shati yomweyo, akuti kukafuna ntchito, ndipo sanabwerenso.

Mkazi wotere si wapabanja, si wamasiye. Kwathu munda wa amayi anga unali kundidikira, koma mtengwa sanyamuka yekha ngati mbuzi yodula chingwe. Ayenera kusudzulidwa: a kuchimuna anene pamaso pa ankhoswe kuti mfundo yamasulidwa, apereke nkhuku, basi. Mwini mawu amenewo anali a Dzoole, amalume awo a amuna anga, amene anawalera kuyambira akukwawa. Chaka ndi chaka mlongo wanga, amene anali nkhoswe yanga, ankabwera kudzapempha, ndipo chaka ndi chaka a Dzoole ankayankha maso ali ku msewu: "Maliro tinaona? Sitinaone. Mwana ali m'njira."

Ndiye tsiku lina kunabwera galimoto ya kanema. Mwini wake, kapena ndinene kuti mwini makiyi ake, anali Bambo Kamphinda, munthu wamfupi wosavula tayi ngakhale pokankha galimoto m'matope. Ntchito yawo inali ya mdima koma iwo mdima ankauopa, choncho ankaonetsa kanema masana, m'shedi ya thonje kapena m'tchalitchi, mazenera atatsekedwa ndi masaka. Ankaima pambali pa nsalu yoyera ndi chokuzira mawu, n'kumafotokozera anthu zimene akuziona kale ndi maso awo.

"Apa mukuona mlimi wochangamuka," anatero.

"Ndi Lingisoni uyo!" shedi yonse inakuwa. "Wachangamuka liti?"

A Lingisoni anayenda khasu lili paphewa, anaima, anayang'ana kutali, ndipo pomwepo filimu inaduka. Pansalu panangotsala mbee. Bambo Kamphinda anafufuza m'matumba onse, n'kupeza kuti guluu anamuiwala kumene anagona dzana. Ine ndinayandikira kukaona. Filimu ndi lamba wautali wa timazenera tondondozana ngati ta sitima, m'kazenera kalikonse muli kachithunzi, m'mbali muli tizibowo. Telala akaona tizibowo, dzanja limayabwa. Ndinasolola singano pa duku n'kulumikiza mbali ziwirizo ndi ulusi. Makina anatsokomola pa msokopo koma anameza. A Lingisoni anamaliza kuganiza n'kulowa m'nyumba.

"Mwaona?" anatero a Dzoole. "Walowa. Ndimanena ine."

Ndinagwada chapatali monga mwa ulemu. "Amalume, m'nyumbamo ndachokamo posachedwapa. Mulibe."

"Ndiye inu atengwa, pitani nawo anthu awa. Kumene akupita kuli maso ambiri. Mukabwera naye mwana, nkhani yatha. Mukandionetsa manda ake, nkhuku ndipereka ndi manja angawa."

Ndinamanga kamtolo, ndinaphimba mashini ndi chitenje, ndinakwera. Tisanatuluke n'komwe m'mudzi, Bambo Kamphinda anakonza tayi n'kundiuza kuti: "Mukudziwa, mayi? Ine ndine munthu woyamba m'dziko muno kusoka filimu ndi ulusi. Inu munangogwira singano."

Tinafika pa kamsika ka sitolo imodzi ndi mtengo wa mkuyu, galu wofiira atagona pansi pake. Pamenepo anagula guluu wina n'kundiphunzitsa ntchito. Umadula bwino mbali zonse ziwiri, umapala ndi lezala, umapaka guluu wonunkha ngati nthochi zopsetsa, umakanikiza ndi chala. Pa msoko uliwonse pamatayika timazenera tiwiri, kena uku kena uko.

"Filimu sikula, mayi," anatero. "Imangofupika, ngati moyo wa munthu." Ndipo anadikira kuti ndiwatamande.

Tinagwirizana kuti kanema akafika pa nkhope ya a Lingisoni, aziimitsa makina, ine ndiziimirira n'kufunsa: "Pepani, abale, alipo anawaonako bambo awa?" Koma nyale ya makina ndi yotentha. Filimu ikaima nthawi yaitali imauma, ndipo mawa lake imaduka pomwe paja. Choncho funso lililonse linkadya timazenera ta amuna anga. Ndinkawafuna ndi pakamwa, ndikuwatha ndi sizasi.

Pa kamsika pomwepo makina anatafuna chigawo chonse cha pakhomo, ndipo Bambo Kamphinda anandisiyira ntchito ndekha poti iwo anali ndi nkhani yaikulu ndi mwini sitolo. Telala akamalumikiza nsalu amazitembenuza, kumaso kuyang'anizane ndi kumaso. Manja anachita zimene anazolowera, mutu uli kwina. Masana ake anthu atadzaza m'shedi, a Lingisoni anatuluka m'nyumba chadodolido, miyendo m'mwamba, akuyenda chafutambuyo, khasu lili lende koma osagwa.

Ana anagubuduka ndi phwete. Mayi wina wogulitsa mtedza anati: "Ameneyo kuno sanadutse. Tikanamukumbukira."

Bambo Kamphinda sanaphethire n'komwe. "Apa mukuona, abale, zimene zimachitika munthu akalima mizere yotsetsereka. Zonse zimabwerera m'mbuyo!" Anthu anagwedeza mitu, ndipo ndinamva kuti chaka chimenecho ena anasinthadi mizere. Madzulo anandiuza kuti atulukira chinthu chachikulu. Ine sindinakonze msokowo msanga. Aka kanali koyamba kanema ameneyu kunena zoona: munthu uja anatuluka m'nyumba, sanalowe.

Tinayenda. Misewu ina inkatibweza kumene tachoka popanda kukhota. Tinafika m'mudzi wa m'chidikha, mkuyu uli pakati, galu wofiira atagona pansi pake. Njira yonse ya a Lingisoni yochokera kumunda inali itakalika ndi mchenga pa filimupo moti sinkaonekanso, ndiye ndinaidula. Munthu anali kumunda, kenako anali pakhomo. Ine ndinkaona ngati ndawachepetsera ulendo.

Anthu anaonera ali zii. Nditaimirira kufunsa funso langa, palibe anandiyang'ana. Mkulu wa mpingo anatikokera pambali.

"Bambo wa tayi, tikulemekezani poti ndinu a boma. Koma munthu amene ali kumunda, kuphethira kamodzi ali pakhomo, kuno timadziwa chimene wakwera. Ndi lichero limenelo. Mayi, ngati amuna anu ndi amenewa, thokozani kuti anasowa."

Madzi akumwa sanatipatse. Tinagona pa dambo, ndipo m'mawa ndinakhuthula chitini cha zidutswa, mmene tinkaponya tonse totsala. Ndinapezamo kachidutswa kamene wojambula uja anayesera bokosi lake amuna anga asanafike: khomo la nyumba yanga, lotsegula, lopanda munthu, nkhuku yamawanga ikudutsa mosafulumira. Ndinakaika pakati, pakati pa munda ndi nkhope.

M'mudzi wotsatira palibe anatchula lichero. Anaona munthu kumunda, anaona nkhuku ikudutsa pakhomo, anaona munthu wafika. Nthawi imene nkhuku inkadutsa, iwo anamuyendetsa okha m'mitu mwawo, njira yonse, mpaka ndi minga yomwe. Mwamuna wina anachita kunena kuti: "Watopa, mpatseni madzi."

"Iyi tiitcha Njira ya Kamphinda," anatero Bambo Kamphinda.

Pakamwa sindinatsutse. Mumtima ndinaitcha dzina langa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sizasi ndinayamba kuivala m'khosi pa chingwe, ngati mendulo ya ku nkhondo. Matenda a kukhala woyamba ndi opatsirana, makamaka mukamadyera mbale imodzi.

Kenako boma linaiwala kuti tilipo. Mafilimu atsopano anasiya kubwera, ndipo tsiku lina galimoto inagona cham'mbali mu ngalande, zitini zonse za mafilimu n'kutseguka. Kanema wa ulimi, wa sitima, wa tiyi, wa ziweto, wa chipatala, onse anapiringizana ngati njoka m'dzenje limodzi. Ndinamasula zimene ndinatha, zotsala ndinalumikiza mmene zinabwerera m'manja.

M'tauni ina ya njanji, pambuyo pa nkhope ya a Lingisoni panabwera sitima ikufuka utsi. Ndisanamalize funso, mkulu wina wovala jombo za ku migodi anaimirira.

"Ameneyo ndinakwera naye. Anakhala cha pazenera."

"Liti, bambo?"

"Kale, mayi. Koma nkhope yolakalaka ulendo ngati imeneyo munthu suiiwala."

Tinalunjika kummwera, mtima wanga ukugunda kuposa injini. Msoko wa sitima unaduka m'njira, ndipo m'malo mwake ndinamatapo chimene chinali pafupi. Ku minda ya tiyi, pambuyo pa nkhope ija panabwera mtsikana wothyola tiyi, dengu kumsana, akuseka. Mayi wogulitsa zitumbuwa anandigwira mkono potuluka.

"Mnzanga, pepani, koma ndisakubisireni. Amuna anuwo ali ndi mkazi kunoko."

"Mwawaona?"

"Aa, inu simunaone mmene amamuyang'anira?"

Ndinaona. Ndinaona bwino lomwe. Ndinayenda m'mizere ya nyumba za antchito kufunafuna mtsikana wa dengu, mawu oti ndikamuuze ndawakonza kale, akuthwa bwino. Ndinali kuchitira nsanje mkazi amene ndinamumata ndekha ndi guluu, koma nthawi imeneyo sindinali kudziwa. Ndinamudula ndi mkwiyo, timazenera tiwiri ta a Lingisoni n'kupita naye.

M'mudzi wa ku chigwa, mkuyu uli pakati, galu wofiira pansi pake, pambuyo pa nkhope panabwera mbuzi yonenepa. Wogulitsa nyama anadumpha mabenchi awiri n'kugwira Bambo Kamphinda pa tayi.

"Ndi uyu! Mbuzi yanga inasowa mwezi wathawu! Taonani maso akewo, maso a wakuba enieni! Mwamubisa kuti?"

"M'chitini," anatero Bambo Kamphinda mawu akutuluka movutikira.

Titathawa, ndinakhala pa mwala n'kukweza lamba uja ku dzuwa. Nkhope inali yomweyo. Timazenera tomwe tija, munthu woyang'ana kutali chifukwa wauzidwa kuti ayang'ane kutali. Ine ndinalipo tsiku lojambula: kumene ankayang'anako kunali nkhokwe ya a Dzoole, ndipo inali yopanda kanthu. Ulendo, chikondi ndi umbava, zonse zinachokera m'sizasi yanga. Mboni zonse zimene ndinapeza m'zaka zimenezo ndinali nditazisoka ndekha.

Ndinawafotokozera Bambo Kamphinda. Anaganiza nthawi yaitali, akusisita pakhosi.

"N'zimene ndakhala ndikufuna kukuuzani," anatero.

Pa doko lina, podikira pantoni yotiolotsa mtsinje, tinakumana ndi galimoto ina ya kanema. Sindinkadziwa kuti ilipo inanso. Mwini wake, Bambo Nkhonjera, anali wamtali wovala chipewa, ndipo nayenso anali woyamba. Awiriwo anakhala pa mchenga kupikisana.

"Ine ndinaika nkhuku pakati pa munda ndi khomo."

"Ine ndinaika bakha, kale kwambiri."

"Ine ndinayendetsa munthu chafutambuyo."

"Ine ndinayendetsa ng'ombe."

Atatopa, Bambo Nkhonjera anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti anamva kwa wansembe wina kuti kutsidya kwa nyanja zamchere zinthu zimenezi anazitulukira kalekale, kanema asanaphunzire n'kulankhula komwe. Akuti kuli zipinda zodzaza akazi, aliyense ndi sizasi yake, akudula nkhope ndi kuzimata tsiku lonse, poti eni ake anaona kuti ntchitoyi ikufanana ndi kusoka.

Bambo Kamphinda anayang'ana madzi. "Nkhani zimathamanga," anatero. "Sindinadziwe kuti zafika kale kumeneko."

Ine ndinaganiza za akazi amenewo pantoni yonse. Kaya nawonso ankadzitcha oyamba mumtima. Kaya aliyense anali ndi nkhope yake imene ankaidula mosamala kuposa zina.

Pofika nthawi imeneyi munda unali utatha, khasu litatha, kulowa m'nyumba kutatha. A Lingisoni anatsala nkhope yokha, yotalika ngati mkono. Imvi zinali zitayamba kundimera, ndipo uthenga unatipeza pa msika wina woti amayi anga sakuthanso kugwira khasu, munda ukumera tchire. Ndinasiya kufunsa funso langa, poti ndinali nditadziwa kumene mayankho amachokera.

Ndi Bambo Kamphinda amene anabwera ndi nzeru ina. Tinali m'tauni ina yafumbi, m'shedi yopanda anthu, tikudikira kuti dzuwa lipendeke.

"Mayi, mu filimu ya chipatala muja muli manda. Manda abwino, a mtanda, opanda dzina. Mkulu uja, a Dzoole, anati mumuonetse manda. Sananene kuti akawagwire ndi manja."

"Limenelo ndi bodza, bambo."

"Sitima ija inali chiyani? Mbuzi ija? Kusiyana kwake n'kwakuti ili likupititsani kwanu."

Ndinapala, ndinapaka guluu, ndinakanikiza. Msoko unatuluka wokongola kuposa yonse imene ndinasokapo. Tinatseka mazenera n'kuonera awiriwiri. A Lingisoni anayang'ana kutali, ndipo kutaliko kunali mulu wa dothi ndi mtanda. Nkhope ija inali ya munthu wodziwa kuti akupita, wotsanzikana ndi aliyense mwaulemu. Ine amene ndinagwira lezala, guluu akundinunkha m'zala, ndinalira mokweza ngati pa siwa. Bambo Kamphinda anapukuta maso ndi tayi.

"Yagwira," anatero. "Mkulu uja sapirira."

N'chifukwa chake ndinaidula. A Dzoole akanalira zenizeni, akanameta, akanafulula mowa wa mwana amene mwina nthawi yomweyo anali pa khonde lina akuyang'ana kutali. Ndipo ine ndikanalima munda wa amayi ndikudziwa kuti ndinaika munthu m'manda ndi guluu. Podula, sizasi inadya kwambiri. Anatsala chikhatho chimodzi.

"Ndiye mukawaonetsa chiyani?" anafunsa Bambo Kamphinda.

"Tiyeni kumudzi. Ndikawaonetsa zimene ndinaona."

Mapiri awiri aja anali pomwe paja, koma atafupika. Mkuyu unalipo, galu wofiira anadzuka n'kundinunkhiza, aka kanali koyamba kuti adzuke. Mashini anga anali pakhonde, chitenje chitadyedwa ndi chiswe. A Dzoole anali pa mpando wawo, atawerama msana, maso ku msewu. Ndinatumiza mawu kwa mlongo wanga, ndipo anabwera.

M'mawa ndinatenga kachidutswa ka khomo ndi nkhuku, ndinamata mutu wake ku mchira wake, kanakhala ngati mkanda. Lamba wotere alibe poyambira, alibe pothera. Amangofuna munthu woimirira pafupi ndi makina, kumugwirizira ndi zala kuti asakhudze pansi. Nkhope ija ndinaimanga pa nsonga ya chitenje.

"Ine ndinene chiyani?" anafunsa Bambo Kamphinda akupukuta chokuzira mawu.

"Musanene kanthu."

"Kanthu?"

"Olo liwu limodzi."

"Mayi, anthu sadziwa chimene akuona."

"Adziwa, bambo."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha mwendo. Kenako anaika chokuzira mawu pansi, n'kukhala pa benchi ngati munthu wamba.

Masana mudzi wonse unalowa m'shedi ya thonje. A Dzoole anawakhazika kutsogolo. Pansalu panaoneka khomo la nyumba yanga, lotsegula. Nkhuku yamawanga inadutsa.

"Dikirani," anatero a Dzoole. "Afika. Amachokera uku."

Nkhuku inadutsanso.

"Yabweranso!" anakuwa ana. Anthu anaseka. Itadutsanso anaseka kwambiri, wina n'kunena kuti imeneyo ikufuna poikira mazira. Mayi wina anafunsa ngati makina agwidwa ndi chizungulire. Onse anatembenukira kwa Bambo Kamphinda kuti awafotokozere. Bambo Kamphinda anali thukuta kamukamu, milomo ikugwedezeka, koma analuma tayi n'kupirira.

Nkhuku inadutsa. Kuseka kunachepa, kenako kunatha. Ana anatuluka. Amayi ena anapita kukatunga madzi, anabwerako, anapeza khomo lili chomwecho. Kadzuwa kolowera pa chibowo cha saka kanachoka pa phazi langa kufika pa khoma. Lamba ankadutsa m'zala zanga, msoko ukundikanda nthawi iliyonse ukafika. Mkazi wina amene mwamuna wake naye anapita ku migodi anafunda chitenje kumutu.

"Inu atengwa," anaitana a Dzoole osatembenuka.

"Ndili pano, amalume."

"Afika nthawi yanji?"

"Sindikudziwa."

"Mwasoka ndinu."

"Ndasoka zimene ndinaona. Ndinkakhala pakhonde ndi mashini. Khomo ndi limenelo. Nkhuku ndi imeneyo."

"Manda?"

"Sindinawapeze. Ndikanatha kukusokerani, guluu analipo. Koma sindinawapeze."

Nkhuku inadutsa, inadutsanso.

"Ine ndinkayang'ana msewu," anatero a Dzoole. "Pamsewu pamadutsa anthu, wina amafanana naye mayendedwe, tsiku n'kutha. Khomo sindinaliyang'anepo." Anakweza dzanja. "Bambo wa tayi, zimitsani."

Anachotsa masaka m'mazenera. A Dzoole anauza akazi awo kuti agwire nkhuku, ndipo anaitana mlongo wanga kuti asendere pafupi.

"Ankhoswe, tamvani, anthu onsewa amve. Mwana wathu sitikudziwa kumene ali. Mwana wanu tikudziwa: ndi uyu, waimirira kuyambira masana. Mtengeni. Mfundo tamasula."

Mlongo wanga anaomba m'manja, amayi a m'mudzimo analuluta mosakweza, poti sanadziwe ngati ndi chimwemwe kapena maliro. Ine ndinavula sizasi m'khosi n'kudula mkanda uja. Kenako ndinamasula nsonga ya chitenje, ndinagwada, ndinapereka kachikhatho kaja ndi manja awiri.

A Dzoole anakakweza ku kuwala kwa pakhomo, anatsinzina diso limodzi, anayang'anitsitsa timazenera timodzitimodzi.

"Kodi akuyang'ana chiyani mwanayu?"

"Zimatengera chimene mwaika patsogolo pake, amalume."

Anakatembenuza pang'onopang'ono ndi zala zawo, mpaka nkhope ija inayang'ana kwa iwo.

Panja ndinapeza Bambo Kamphinda akupinda nsalu yoyera, tayi ili yonyowa ndi malovu.

"Mwaona, mayi? Kanema wopanda womufotokozera. M'dziko lonse lino, ine ndine woyamba."

"Ndinu woyamba, bambo," ndinatero, ndipo ulendo umenewu ndinanena kuchokera pansi pa mtima.

Mlongo wanga anasenza mashini, ine ndinapanira nkhuku m'khwapa. Njira ya kwathu imadutsa pakhomo pa nyumba ija. Pamphambano tinakumana ndi anthu achilendo, tinapatsana moni, ndipo sindinawafunse ngati anaonako munthu wina aliyense. Nkhuku inali phee, yofunda, mtima wake ukugunda pa nthiti zanga. Imeneyi pakhomo paja inadutsa kamodzi kokha.